Mwendo wa ba Sakala

Ba Sakala tinawaika Loweruka lapitali ku manda a ku Chingwere, mvula ikuwaza. Anthu anabwera ambiri, ndipo theka la iwo linali ndi zikhadabo zakuda ndi girisi ngati zangazi. M'busa amene analalikira ndi wa dzulodzuloli, sanawaonepo ali ndi miyendo iwiri. Anati ngozi imene inawadula mwendo zaka zambiri zapitazo inali chifuniro cha Mulungu, ndipo khamu lonse linayankha ameni. Ine sindinayankhe. Mulungu tisamunamizire. Tsiku limenelo amene anaima kumbuyo kwa lole imene inawagwera ndinali ine, Esinati, mtsikana wa pa koleji amene anabwera kudzaphunzira umakanika. Ndinaiona ngoziyo ikubwera ndipo sindinafuule. Kuyambira pamenepo mpaka sabata yatha ndakhala ndikudikira mawu amodzi okha kuchokera pakamwa pawo, akuti andikhululukira.

Anali munthu wamfupi, wa khosi lalikulu, wa ku Katete. Anafika mu Lusaka asanamere ndevu, nayamba ngati wotsuka mabawuti pa kampani ina ya malole onyamula chimanga ndi feteleza, mpaka anadzakhala folomani wa wekishopu yonse. Injini ankaimvera ndi sikuludiraiva, nsonga pa chitsulo, chogwirira pa khutu, maso atatseka. Akatsegula maso ankakuuza chimene chavuta, ndipo mukamasula munkachipeza pomwepo. Kuseka sankaseka wamba. Wophunzira aliyense wochokera ku koleji ankamutcha "ba injiniya", ndipo mmene ankalitchulira dzinalo unkachita kulakalaka akanangokutukwana.

Ambiri amene anabwera ku maliro anawadziwa ntchito itatha kale, ali pa benchi kuseri kwa nyumba yawo ku Kanyama, ndodo ziwiri zitatsamira khoma, mwendo wa buluku wa kumanzere utapindidwa n'kumangidwa ndi kawaya. Munthu amene ankalamulira amakanika a wekishopu yonse anali atafika pomakonza mapulaimasi, timbaula ta palafini tija, ndi kumata mapoto obooka, akazi awo, bamake Tisa, akugulitsa makala m'timapulasitiki pa khomo. Ntchito yolangiza ana palibe amene anawapatsa. Mwana wa neba analandira kalata ya atachimenti, ija miyezi isanu ndi umodzi imene koleji imakutumiza kukagwira ntchito pa kampani usanalandire satifiketi, ndipo amake anamutumiza kwa ba Sakala kuti akamuuzeko za kumeneko. Chaka chotsatira anabwera atatu. Kenako ankachokera ku Chawama, ku George, ngakhale ku Mtendere, ena a umakanika, ena a magetsi, ena a mu ofesi amene sanagwirepo sipanala chibadwire.

Chilangizo chinkayamba kutatsala milungu iwiri. Choyamba ankakutuma kuti upite wapansi ukaone geti la kampaniyo, ubwere udzawauze kuti wayenda nthawi yaitali bwanji, pakuti minibasi ya ku Kanyama nthawi ya mvula siidalirika ndipo folomani samva za madzi osefukira. Ankafuna kuona ovolosi yako ndi nsapato zako ndi maso awo. Ankati tsiku loyamba udziwe dzina la wosesa ndi la wosunga zida, chifukwa manijala adzakuiwala usanatuluke mu ofesi, koma awiriwo ndi amene amadziwa kumene kuli chilichonse. Akakutuma kukagula chipisi, upite. Akakutumanso, upite ndithu, koma pobwera uwauze kuti tsopano akuonetse mmene amamasulira pampu ya dizilo. Munthu akakupatsa kaphukusi kuti umudutsire nako pa geti, ukane, ngakhale akhale malume ako. Kwa atsikana ankawonjezera chimodzi, akuyang'ana kumbali: ukalowa mu ofesi ya bwana, chitseko chikhale chotsegula.

Pa nkhani ya logibuku ndiye ankalusa. Limeneli ndi buku limene wophunzira amalembamo zimene wagwira tsiku ndi tsiku, folomani n'kumasaina tsamba lililonse. Ankadziwa kuti ambiri amalemba miyezi yonseyo Lamlungu limodzi lomaliza, kukopera kwa mnzawo, ndi mapeni atatu osiyana kuti zioneke ngati zoona. Ankati buku loyera ndi buku labodza, la munthu amene wagwiradi ntchito limakhala ndi zala za oilo.

Koma zonsezi zinali zokometsera chabe. Phunziro lenileni linali la machesi. Tsiku lomaliza ankaitana mnzawo wachikulire, kawirikawiri ba Lungu oweta nkhuku a kuseri kwawo, n'kukhala naye pa benchi. Pamaso pawo pankakhala beseni lotsukira mabawuti, ndipo malo onse ankanunkha petulo. Ophunzira aja ankawaimika chapatali pang'ono n'kuwauza kuti adikire, akuluakulu akambirane kaye. Ndiye ankayamba nkhani yolemera, ya maliro kapena ya malire a poloti, mawu otsika, nkhope zakugwa. Nkhani ili mkati, ba Sakala, amene sanasutepo fodya moyo wawo wonse, ankatulutsa ndudu, kuika pakamwa, n'kutsegula bokosi la machesi pamwamba penipeni pa beseni lija.

Ndinaonerera zimenezi kangapo. Ophunzira ankayang'anizana. Wina ankatsokomola. Wina ankapinda bondo n'kumaomba m'manja pang'onopang'ono, kudikira kuti amuone. Machesi akayaka, ba Sakala ankawaponya m'beseni n'kuzima, pakuti munali madzi. Fungo lija linkachokera pa kansanza kamene anali atabisa patali kuseri kwa buloko ya simenti.

"Mwafa monse," ankatero. "Na ine mwanipaya. Maso muli nayo, mphuno muli nazo. Manje kamwa munasiya kwa bambuya banu?"

Chaka china panali mtsikana wamtali wa ku George, wophunzira za magetsi. Iyeyo sanadikire n'komwe kuti bokosi litseguke lonse. Anathamanga n'kuwamenya dzanja mwamphamvu, moti ndudu inauluka ndipo mdalayo anatsala pang'ono kugwa pa benchi.

"Ba shikulu, mwafuntha?" anatero, kutanthauza kuti agogo, mwapenga?

Ba Sakala anaseka mpaka misozi. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, mano awo a kumbuyo ndinawaona tsiku limenelo.

Makolo ena sanakondwe nazo. Ba Mbewe, mkulu wa mpingo umene ba Sakala ankapemphera, anabwera Lamlungu lina masana atakwiya. Anati mwana wawo, chibwerereni ku benchi ija, wayamba kudula akulu mawu, ndipo dzulo lake anawadzudzula pamaso pa alendo pa mmene analumikizira waya wa sitovu. Awiriwa anali a boma limodzi, choncho anakangana mu Chichewa cha kumudzi, chija cholasa. Ba Sakala anafunsa ngati wayayo anali wolondola kapena ayi. Ba Mbewe anati nkhani si ya waya, nkhani ndi ya mwano, ndipo mawu a akulu amakoma akagonera. Ba Sakala anayankha kuti chitsulo sichidikira kuti mawu agonere, ndiponso sichidziwa amene anayamba kubadwa. Kenako anamasula kawaya kaja, n'kukweza buluku, n'kuwaonetsa chitsa cha mwendo wawo, chakuda, chosokedwa moipa. Anati imeneyi ndi ntchito ya ulemu.

Ine ndinali pomwepo, ndikuthandiza bamake Tisa kutsuka mbale. Ba Mbewe anafunsa kuti ulemu wa ndani. Ba Sakala anati wa jeke, n'kumanganso buluku lawo. Dzina langa sanalitchule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Ndi ba Mbewe sanalankhulane zaka ziwiri, ngakhale ku tchalitchi ankakhala pa mpando umodzi.

Tsopano ndinene za tsikulo, pakuti ndakhala ndikulizungulira.

Zinali zaka zija zimene ufa tinkaufolera pa mzere, makampani a boma akugulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo mawu akuti kupuruna, amene kale ankanena za mitengo, atayamba kunena za anthu ochotsedwa ntchito. Pa kampani imene ndinatumizidwa, malole ambiri anali atakhala pa miyala opanda matayala. Kuti imodzi iyende tinkadyera ziwalo za ziwiri. Masitandi achitsulo oimikira galimoto ukaikweza anali atasowa limodzilimodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti anasanduka mbaula ku msika. Amakanika ambiri ankangobwera kudzaothera dzuwa ndi kusewera nsolo. Mafolomani ena ankasaina malogibuku a ophunzira osatsegula n'komwe, pakuti kodi mwana agwira chiyani pamene palibe ntchito? Ba Sakala zimenezo ankazikana. Ankatimasulitsa giyabokosi ya lole yakufa, tiibwezere, timasulenso. Ankati kampani ikufa, koma zimene zili m'mimba mwa giyabokosi sizinasinthe, ndipo mwayi woti munthu amasule chinthu popanda womufulumizitsa sitidzaupezanso.

Ine ndinakulira ku Matero, m'manja mwa amayi a ku Chadiza amene mwambo sankaseka nawo. Madzi unkapereka utagwada. Wamkulu sunkamuyang'ana m'maso. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinadula mawu amalume kuti ndinene kuti mbuzi yalowa m'dimba, ndipo mthiko unathera pa msana panga. Manja anga anali abwino, ba Sakala omwe ankavomereza. Koma miyezi isanu inatha asanasaine tsamba ngakhale limodzi la buku langa. Lachisanu lililonse ndinkawapatsa ndi manja awiri, iwo osalandira.

"Ba injiniya, mwafunsa chani ino wiki?"

Ine maso pansi.

"Vonse vamene nakamba mwamvela?"

"Namvela, ba Sakala."

"Boza. Ine neka vina sinivimvela. Bwelani nalo pa Faifi inangu."

Ndinkawada, ndisaname. Popanda siginecha yawo kunalibe satifiketi, ndipo amayi anali atapsa ndi dzuwa pa msika zaka zitatu chifukwa cha koleji imeneyo. Usiku ndinkakonzekera mafunso, koma ndikafika pamaso pawo sindinkafunsa ngakhale limodzi. Kwa ine kufunsa munthu wamkulu kunali ngati kumuuza kuti sanafotokoze bwino.

Linali Lachitatu masana, mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Imodzi mwa malole ochepa amene ankayendabe inabwera itathyoka sipuling'i ya kumbuyo. Anaikweza ndi jeke, n'kuchotsa matayala a kumanzere, ndipo poti masitandi kunalibe, anasanjikiza mabuloko awiri a simenti ndi thabwa pamwamba. Jekeyo ankadontha oilo, aliyense ankadziwa, tinkangomupopanso nthawi ndi nthawi. Ba Sakala analowa pansi chagada, miyendo ili kunja, pansi penipeni pa chitsulo chimene pamakhala matayala. Ine anandituma kukatsuka mabawuti.

Ndikubwerera, ndinapeza kwafika bwana wina wa ku ofesi yaikulu, wa tayi, atanjuta mbali inayo ya lole, kumutu kwa ba Sakala, pepala lili m'manja. Ankafuna maina a amakanika oti apurunidwe. Ba Sakala ankakana kupereka, mawu atakwera. Amakanika onse anali atathawira patali, aliyense akuopa kumva dzina lake. Choncho mbali ya jeke kunalibe munthu wina koma ine.

Ndinaona oilo akutsika m'khosi mwa jeke, wambiri kuposa masiku onse. Ndinaona kuti lole yatsika, kulemera kwake konse kwakhala pa mabuloko, ndipo buloko ya pamwamba yang'aluka, timchenga tikugwa. Ndinadziwa tanthauzo lake. Sindinganame kuti ndinali mwana kapena kuti sindinamvetse, ndinali nditaphunzira zaka zitatu. Ndinaika beseni pansi, ndinazungulira masitepe angapo kuti bwanayo andione, ndinapinda bondo, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Zikomo," ndinatero.

Bwanayo sanacheuke. Anangokweza dzanja kuti ndidikire, ndipo ine ndinadikira. Ndinaombanso, n'kunenanso zikomo, motsika kuposa poyamba. Ba Sakala anali pakati pa kufotokoza za makanika wina wa ana asanu ndi awiri, kuti akamuchotsa adzadya chiyani. Mumtima ndinati angomaliza mawu amenewa basi, ndinena. Buloko inaphulika asanamalize.

Phokoso la chitsulo ndinaliiwala. Limene sindinaliiwale ndi lawo. Amuna anathamanga, anakweza loleyo ndi mapaipi ndi jeke wina, n'kuwakoka. Ku chipatala mankhwala anali osowa masiku amenewo, ndipo bala linavunda. Anadula m'munsi mwa bondo, patapita milungu iwiri anadulanso pamwamba pake. Adakali chigonere, maina a opurunidwa anatuluka, lawo lili pamwamba. Mvula isanathe, geti la kampaniyo linali litamangidwa ndi unyolo.

Palibe amene ankadziwa. Anthu ankandiuza kuti ndili ndi mwayi kuti sindinali pansi pamodzi nawo. Bwana uja sanakumbukire n'komwe kuti panali mtsikana. Ku koleji anati logibuku ifike mwezi usanathe, itasainidwa ndi folomani amene anakuyang'anira, apo ayi ukayambirenso atachimenti. Kuyambiranso kuti, makampani akutsekedwa sabata ndi sabata? Choncho m'mawa wina ndinapita ku Kanyama, nsapato m'manja, madzi akufika m'mawondo, buku litakulungidwa m'pulasitiki m'kati mwa bulauzi.

Bedi lawo linali pa njerwa chifukwa madzi ankalowa m'nyumba. M'chipindamo munkanunkha bala. Khosi lalikulu lija linali litatha, ndipo bulangete linali lathyathyathya pamene panayenera kukhala mwendo. Bamake Tisa anandipatsa kampando n'kuima pa khomo. Ba Sakala sananditche injiniya. Anangotambasula dzanja, n'kulandira buku ndi peni, n'kutsegula tsamba loyamba. Ndinaona kuti atopa, ndipo asaina popanda funso. Ndikanangokhala chete mphindi zochepa ndikanatuluka ndi zonse zimene ndinadzera. Pakamwa panga panatseguka pamenepo.

"Ba Sakala, ninaona."

"Unaona chani?"

"Buloko. Ninaiona ing'aluka. Na oilo wa jeke."

Peni inaima.

"Liti?"

"Mukali kukamba na ba bwana."

"Unachita chani?"

"Ninaomba m'manja. Ninati zikomo."

"Kangati?"

"Kawiri."

"Manje?"

"Ninali kuyembekeza kuti mutsirize kukamba."

Bamake Tisa anagwira pakamwa n'kutuluka. Ba Sakala anatembenukira kukhoma, ine ndikumva madzi akudontha m'chidebe pakona. Atalankhula, analankhula Chichewa cha kumudzi, mawu otsika. Anati kulowa pansi pa jeke wodontha analakwa ndi iwo, ankadziwa. Mabuloko a simenti anasanjikiza ndi iwo. Anatinso mwana wawo Tisa anamukwapulapo kawiri konse chifukwa chodula mawu akulu, ndipo ankadziona ngati bambo wabwino.

"Koma iwe unaona," anatero.

Kenako anayamba kusaina. Sanasaine mwachisawawa ayi. Ankawerenga tsamba lililonse, kundifunsa kuti apa unatanthauza chiyani, bawuti iyi unaimanga mpaka pati, ndipo pawiri anandikonzetsa zimene ndinalemba molakwika. Thukuta linkatsika chifukwa cha ululu koma sanalekeze. Tinamaliza dzuwa litapendeka. Akundipatsa bukulo, anandiyang'ana m'maso, ndipo kanali koyamba kuti inenso ndisayang'ane pansi.

"Nasaina chifukwa nchito unagwira, na lelo wakamba. Koma usaganize ati nakukhululukira. Apo sininafike. Pita, manzi azakwera."

Satifiketi ndinalandira. Ntchito yolembedwa sindinaipeze, ndinayambira pansi pa mtengo ku Matero ndi masipanala obwereka, ndipo lero ndili ndi kagalaji kanga kumene ophunzira amabwera pa atachimenti. Za ine zithere pamenepo. Kwa ba Sakala ndinkapita mwezi uliwonse, zaka pafupifupi makumi atatu, nditanyamula buledi ndi shuga, nthawi zina zidutswa za tayala zoti ndiike kunsi kwa ndodo zawo. Ankandilandira. Tinkakamba za injini zatsopanozi zimene amaziyeza ndi kompyuta, iwo n'kumapukusa mutu. Mitambo ikachita mdima ankawerama n'kuyamba kukanda m'malere, pamene panali phazi lawo, nkhope itakwinyika, ndipo ine ndinkakhala pomwepo ndikuyang'ana. Sindinkaloledwa kuwathandiza kuimirira. Tsiku lina ndinawagwira mkono ali pafupi kuterereka m'matope ndipo anandikankha ndi chigongono.

Ophunzira amene anasowa malo ankawatumiza kwa ine ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo. Bamake Tisa, amene anamva zonse tsiku lija, ankandiuza kuti mwana wanga, kukhululuka n'komweku, munthu satumiza ana kwa mdani wake. Mwina. Koma iwo ankawadziwa ngati mwamuna wawo, ine ndinkawadziwa ngati folomani. Ba Sakala sanali munthu wosiya chinthu kuti uchite kuganizira. Bawuti ikalimba ankanena kuti yalimba, ikakhala yosalimba ankanenanso. Anandiuza kuti sanafike, ndipo sanandiuzepo kuti afika.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi. Ine amene lero ndimakalipira mamanijala pamaso pa madalaivala awo, ine amene ndimabweza logibuku ya mwana amene sanafunse kanthu sabata yonse, munthu amene anandiphunzitsa kufunsa sindinamufunse. Si ulemu umene unanditseka pakamwa ulendo uno. Anali mantha. Ndinkadziwa kuti sadzandinamiza, ndipo akanati ayi, sindikanadziwa kuti mwezi wotsatira ndipite ndi nkhope yanji. Choncho ndinkati mwezi wamawa.

Tisa anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa, ndili pansi pa minibasi. Anati atate agwa posamba, mbali imodzi yafa. Ndinapita ndi ovolosi yomweyo. M'nyumba munali modzaza. Amayi a mpingo anali atakhala pansi kuyambira pa khomo, ndipo m'chipinda akulu a mpingo anali atazungulira bedi, ba Mbewe, okalamba tsopano, akutsogolera pemphero. Mayi wina anandikoka mwendo wa ovolosi n'kundilozera pansi kuti ndikhale, ndidikire pemphero lithe. Ndinalumpha miyendo ya anthu, ndinakankha mapewa a akulu awiri, n'kufika pa bedi pemphero lili pakati. Ndinawagwira dzanja n'kulankhula mokweza, kuti ngakhale a panja amve.

"Ba Sakala, ni Esinati. Uja mwendo. Munanikhululukira?"

Pemphero linaduka. Wina kumbuyo anati mayi uyu wapenga. Pakamwa pa ba Sakala panali patakhotera mbali imodzi, koma diso limodzi linandipeza ndipo linandidziwa, za izo sindikayika. Anayesa kulankhula. Khosi linagwedezeka, kunatuluka kamawu kopanda mutu, katatu, malovu n'kutsikira pa pilo. Ndinadikira kuti mwina andifinya dzanja, kenako ndinazindikira kuti ndagwira dzanja lakufalo.

"Bakamba ati inde," anatero bamake Tisa, akulira. "Wamvela, mwana wanga? Bati inde."

"Iyai, mami," anatero Tisa. "Bafuna manzi."

Anabweretsa madzi m'kapu n'kuwapatsa ndi supuni, ndipo anamwa. Anamwa masupuni anayi, n'kutseka diso. Anamwalira Lachinayi dzuwa litangotuluka, osalankhulanso kanthu.

Dzulo ndinapitanso ku Kanyama kukaona bamake Tisa, ndipo ndisanalowe m'nyumba ndinazungulira kuseri. Benchi kulibe, anaiwaza nkhuni za pa maliro. Mapulaimasi ndi zitsulo zonse anyamata ogula zakutha ananyamula pa wilibala. Mwamuna wa Tisa wakhoma kale zikhomo n'kumanga chingwe, akuti amangapo chipinda cha lendi mvula ikatha. Dothi la pamenepo ndi lakuda ndi oilo, lolimba, ngakhale udzu sumera. M'mbali mwa khoma mukuoneka timabowo tinayi pamene panaima miyendo ya benchi. Kutsogolo kwake nthaka inakumbika, monga imachitira pamene munthu wakhala malo amodzi zaka zambiri akupukusa mapazi. Mvula ya usiku inadzazamo madzi. Ndinaima pamenepo mpaka Tisa anabwera kudzandiitana kuti tiyi wazizira. Dzenjelo ndi limodzi, la phazi la kumanja.